Wotchi kwa Msuweni, Ine Pamwamba pa Lole

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito bambo anga ondibereka, chifukwa cha wotchi ya pamkono yong'aluka galasi. Amene amandidziwa mumsika wa Balaka, momwe ndakalambira ndikugulitsa zitsulo zakale za galimoto, amati ine ndikhoza kunenerera mtengo wa nsanda yanga ndili chigonere. Sakunama. Koma malonda oipitsitsa pa moyo wanga ndinawachita ndisanakhale ndi benchi, ndili pamwamba pa lole.

Bambo, Che Ajibu, ankayendetsa lole ya mwini sitolo wina wa pa Balaka. Inali lole yobiriwira, yokalamba kuposa ufulu wa dziko lino, yochita kupukusa ndi chitsulo kutsogolo kuti ilire. Inkatuta thonje ndi chimanga pakati pa Liwonde, Ulongwe ndi Balaka. Ife tinkakhala kufupi ndi Liwonde, boma lathu likutchedwabe Kasupe.

Chaka chimenecho apolisi a pamsewu anawagwira bambo kawiri mwezi umodzi. Wina ankaima patali n'kukupiza kansalu, mnzake kutsogolo n'kuwerenga nthawi. Maulendo onse awiri anati lole inali pa liwiro la mailosi fote pa ola pamalo oyenera sate. Bambo analumbira kuti muvi wa pa geji ya liwiro unali pa sate penipeni, koma analumbirira kunyumba, chifukwa masiku amenewo munthu wovala yunifolomu sunkamuyankha. Abwana awo anangoti, "Kachitatu, Ajibu, makiyi patebulo." Komabe analola kuti lole ikaonedwe ndi makanika wawo, a Kampira, ndipo anati mawu a Kampira ndiwo adzagamule ngati wonama ndi geji kapena dalaivala.

Apa ndiyenera kumutchula Yusufu, msuweni wanga, mwana wa achemwali awo a bambo. Kwathu mwana ndi wa kwa mayi ake. Bambo anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo mwana amene mwambo unkati amuyang'anire anali Yusufuyo. Anamugulira cholembera cha inki. Ankamutcha mutu wa masamu. Ine ankanditcha pakamwa. Yusufu sanali mwana woipa, ndipo chimenecho ndicho chinkandiwawa kwambiri, chifukwa munthu wabwino ndi wovuta kumuda bwinobwino.

Loweruka m'mawa bambo anatitenga tonse awiri kupita ku Balaka. A Kampira anali Mkatolika wamfupi, korona m'khosi yoda ndi oilo. Anazungulira lole, anamenya matayala ndi phazi, n'kunena kuti, "Sinditsegula kanthu tisanafunse miyala. Geji imanama, dalaivala amanama, wapolisi..." Anacheuka uku ndi uku. "Wapolisi sanama."

Miyala imene ankanena ndi ija yoyera yosonyeza mailosi m'mbali mwa msewu. Anatifotokozera kuti galimoto yoyenda pa sate imatha mphindi ziwiri kuchoka pa mwala wina kufika pa unzake. Bambo agwire muvi pa sate osasuntha, wina awerenge nthawi. Mphindi zikakwana ziwiri, geji ilibe mlandu. Zikaperewera, geji ndiyo yabodza.

Kenaka bambo anavula wotchi yawo. Wotchi imeneyo ine sindinkaloledwa ngakhale kuipukuta. Anaimanga pamkono wa Yusufu, anachita kuboola lamba ndi msomali kuti imukwane, n'kumukweza kutsogolo pakati pa iwo ndi a Kampira.

"Iwe Twaibu, pamwamba," anandiuza. "Tsekera wakula, miyala sikuoneka bwino tili pansi pano. Mwala ukafika pa tayala lakutsogolo, gogoda denga kamodzi."

Ndinakwera kumbuyo, m'mene munali fungo la thonje lakale ndi zitosi za nkhuku. Dzuwa la ku Balaka linali litayamba kale kuwotcha zitsulo. Pa kawindo kakumbuyo ndinkaona khosi la Yusufu, ndi mkono wake atautukula ngati wanyamula dzira. Ndinamumva akufunsa amalume akewo ndi mawu ake aulemu aja, "Amjomba, ndiyambe liti?" Mtima wanga unachita ngati ndameza tsabola wosatafuna.

Mwala woyamba ndinagogoda molondola. Wachiwiri ndinauona ukubwera, woyera mbee mu udzu, ndinauona ukudutsa, ndipo dzanja langa linangokhala m'mwamba. Ndinadikira mpaka tinapitirira mlambe waukulu, kenaka go! Wachitatu ndinachedwa kuposa pamenepo. Wachinayi ndinagogoda pomwe panalibe mwala n'komwe, panali mbuzi. Nzeru yanga inali yaifupi ngati mchira wa mbuzi yomweyo: manambala a Yusufu asokonekere, mutu wa masamu uchite manyazi, wotchi ibwere kwa mwana weniweni.

Titaima pa mthunzi wina, Yusufu anawerenga zomwe analemba pa chikwama cha simenti. Mphindi ziwiri. Ziwiri ndi theka. Imodzi. Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamuvula wotchi ija. Ndisaname, ndinamva kukoma. Kukoma kumeneko kunakhala nane nthawi yosakwana kumeza malovu.

"Che Ajibu," anatero a Kampira akupukuta manja, "manambala awa akuzungulira pa ziwiri. Ine sindingakanamize abwana. Ndikawauza kuti geji sindinaipeze ndi vuto."

Bambo anakhala pansi pa sitepe ya lole. Anavula kofia, n'kuiyang'ana m'kati ngati muli yankho. Sanakalipe. Anangoti, "Ndiye kuti maso angawa atha." Munthu amene anayendetsa lole zaka zonsezo osagunda ngakhale nkhuku anayamba kudzikayikira yekha. Pamenepo m'pamene ndinaona chimene ndinagulitsa: makiyi a bambo, ndi chakudya cha m'nyumba mwathu momwe, osati mwa Yusufu.

Ndinatsika. Koma poti khalidwe silichedwa kumera, ngakhale kuulula ndinayamba ndi mtengo wotsika.

"Mwina mwala umodzi ndinachedwa pang'ono."

"Umodzi?" anafunsa a Kampira.

"Tinene iwiri."

"Onjezera, mwana wa adalaivala."

"Iwiri ndi theka, poti winawo unabisika."

"Nanga mbuzi ija inali mailosi angati?"

Mkuluyo anali ataona zonse pa galasi lam'mbali, ndipo mawu aja onena za abwana anali mbedza yondikolera ine. "Yonse kupatula woyamba," ndinatero. Umenewo ndiwo mtengo wokhawo pa moyo wanga umene ndinalipira wonse popanda kuchotserako.

Ndinkayembekezera khofi, kapena kutsitsidwa kuti ndiyende wapansi mpaka ku Liwonde. Bambo anadzuka, anamanganso wotchi pamkono wa Yusufu, anamugwira paphewa n'kumuuza kuti, "Pepa, mphwanga." Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Kwera pamwamba pomwepo."

"Ine ndemwe?"

"Iweyo. Wotchi angagwire aliyense wodziwa kuwerenga. Ndinakuika pamwamba chifukwa ndiwe umaona ndalama ya tambala mu mchenga tili pa liwiro. Ndinkayesa maso ndawapeza."

Khofi likanakhala bwino.

Tinabwerera njira yomweyo. Ndinagogoda mwala uliwonse ngati ndikugogoda pakhomo pa mfumu. Mphindi imodzi ndi theka. Imodzi ndi theka. Imodzi ndi theka, miyala isanu motsatizana. Yusufu anawerengera pa chikwama chija n'kunena kuti muvi ukamati sate, lole imakhala ili pa fote. Apolisi sananame, bambonso sananame.

Pa galaja a Kampira analowa pansi pa lole, natsatira kebulo yochokera ku geji mpaka pa giyabokosi. Anamasula pamenepo n'kutulutsa kagiya kakang'ono ngati chala, nawerenga mano ake ndi chikhadabo. "Giyabokosi iyi si yobadwa nayo," anatero. Bambo anakumbukira kuti miyezi itatu m'mbuyomo abwana anagula giyabokosi ya lole ina yakufa, ya mtundu wosiyanako, n'kuikitsa kwa amakanika otchipa. Kagiya kake kankazungulitsa kebulo mochedwa, nchifukwa chake muvi unkatsalira. Giyabokosi yakale tinakaipeza kuseri kwa sitolo, alonda ataisandutsa mpando. A Kampira anachotsamo kagiya kake, anakasula pang'ono kuti kalowe, anapaka girizi kebulo yonse. Dzuwa likupendeka tinayesanso: mphindi ziwiri, mwala ndi mwala. Abwana anamvetsera, anakanda m'mutu, ndipo nkhani ya makiyi sanaitchulenso. Kupepesa sanapepese.

Bambo anayendetsa lole ija mpaka inafera m'manja mwawo. Atamwalira iwo, wotchi inapita kumene mwambo unanena, kwa Yusufu. Lero ndi mphunzitsi wopuma ku Ulongwe, ndipo amaivalabe ngakhale inaima kalekale. Ndayesa kuigula katatu. Ulendo womaliza ndinaika njinga pamwamba pa mtengo wanga. Iye anangoseka n'kuti, "Asuweni, onjezerani mbuzi."

Nsanje ija sinathe, ndisakunamizeni, inangokalamba nane limodzi. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti tsiku lija bambo anagawa zinthu ziwiri. Msuweni wanga anamupatsa chonyezimira, ine anandipatsa chimene ntchito yawo inatsamirapo. Ine, katswiri wa mitengo, ndinayang'ana pa kawindo n'kusirira chotchipacho.