Kachitini ka a Tembo

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anga anathyola mphuno ya a Tembo.

A Tembo, ochokera ku Chipata, anali ogulitsa nyumba, ndipo ndi amene anatipezera zipinda zapansi ku Brampton m'dziko la Canada, zolowa m'nthaka, zomwe mawindo ake ankangoonetsa nsapato za odutsa. Tsiku lina bambo ali kuntchito, anabwera ndi kachitini kakuda n'kukapachika pafupi ndi bedi la makolo anga. Anauza amayi kuti kakhale pomwepo nyengo yonse yozizira.

Kwathu ku Ntcheu, kanthu kakuda kopachikidwa kuchipinda ndi mwamuna wina kali ndi dzina limodzi, mankhwala. Bambo anaitana a Tembo pafoni mwaulemu ndithu. Atangotsika masitepe, bambo anawagwira pakhosi, kuwamenyetsa kukhoma, chibakera pamphuno. Ndinamva fupa likulira. Amayi atati aleretse, anakankhidwa n'kugwera pahita yotenthetsera m'nyumba. Kachitini kanaphwanyidwa ndi hamala.

"A Banda, ni test chabe," anatero a Tembo, magazi akutsikira patayi. "Tipima radoni, mpweya wochoka m'nthaka. Suoneka, sununkha, koma umadya mapapo."

"Chosaoneka, chosanunkha, chodya munthu," bambo anayankha. "Mwavomera nokha."

A Tembo sanaitane apolisi. Pokwera masitepe anandiyang'ana, dzanja lili pamphuno. "Mwana wanga, uzitsegulako windo."

Madzulo ake bambo anakhoma mawindo onse ndi misomali, ati zoipa zisalowenso. Tinakhala m'menemo mpaka ndinamaliza sekondale.

Amayi sanasutepo fodya chibadwire, koma anamwalira ndi khansa ya m'mapapo kuchipatala ku Hamilton. Madokotala sanalumbire kuti ndi mpweya uja. Anangofunsa komwe tinkagona. Bambo mpaka lero amati a Tembo anakwanitsa zomwe anayamba, ndipo ndikawamva magazi amandiwira.

Panopa nanenso ndimagulitsa nyumba. Ndazindikira kuti a Tembo ankanena zoona, koma anazilowetsa m'nyumba ya mwini mwiniwake kulibe. Ndiye ine ndisanapereke makiyi, ndimakhazika pansi mwamuna ndi mkazi, n'kuwafotokozera kuti mpweyawo ukapezeka, paipi ndi fani zimautulutsa kunja. Ena amandiseka kuti ndabwera ndi zithumwa za azungu. Ndimaseka nawo, kenako kachitiniko ndimakaika m'manja mwa mwamunayo kuti akapachike yekha. Sindichoka asanatero.