Chithunzi cha a Namakhwa ndi Macheka Awo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera ku kwaya. Ndinali nditangolephera mayeso a fomu folo, zaka zochepa zipani zambiri zitayamba, ndipo a Kamwendo, omwe ankaimba besi kumbuyo kwanga, anali ndi situdiyo yojambula zithunzi pafupi ndi msika wa Zomba. Atamva kuti ndikungokhala ku Matawale, anati ndibwere Lolemba ndidzasese.

Ndinasesa miyezi itatu ndisanakhudze kamera. Kenaka anandiphunzitsa kuika filimu moifungatira kuti dzuwa lisaipsereze, kupotokola lenzi mpaka maso a munthu aoneke bwino, ndi kugwira mpweya podina batani. Malamulo awo anali ochepa. Munthu akhale pampando patsogolo pa chinsalu, mapewa awongoke, nkhope iyang'ane kamera, fulashi iyake. "Filimu si pepala lophunzirira," ankatero. Ikatha tinkaitumiza kokatsukitsa, ndipo cholakwa chako umachiona patapita masiku anayi.

Loweruka lina kunabwera mayi wa ku Sadzi, atamanga mpango wofiirira. Anati amuna awo, a Namakhwa, akudwala kwambiri ndipo sangathe kufika kutauni. Mwana wawo woyamba anali ku Joni, ndipo ankafuna kumutumizira chithunzi nthawi ikadalipo. A Kamwendo anali kuthamangira ku ukwati, choncho anandipatsa kamera yakale yomwe filimu yake inatsala ndi malo awiri okha.

"Uwaveke suti, uwakhazike pampando, udine kawiri. Chachiwiri ndi choti mwina aphethira. Usachite zako."

Tinawapeza a Namakhwa atavekedwa kale. Anali munthu wamtali yemwe moyo wake wonse anacheka matabwa a paini pa Phiri la Zomba, koma tsopano jekete linkalendewera pamapewa ngati lili pamsomali. Kolala ya shati inasiya mpata wolowa dzanja. Ana awiri anawanyamula n'kuwakhazika pampando pakhonde. Ndinayatsa fulashi, ndinayang'ana mu kamera, ndipo chomwe ndinaona chinali munthu wamanyazi yemwe ankadziwa chifukwa chake akujambulidwa. Ndinadina. Sanaphethire.

Ndikanadina kachiwiri n'kutsanzika. Koma mtima unakana. Ndinaganiza za mnyamata wa ku Joni akutsegula envulopu, n'kupeza bambo ake ali chonchi, ndipo osadzapezanso china.

Pansi pa denga la khonde panali macheka aatali a anthu awiri, atakulungidwa m'thumba. Ndinafunsa ngati ali awo.

"Ndi anga, achemwali," anayankha motsitsa. "Abuntha amenewo. Palibe amene amadziwa kuwanola."

"Mungandionetse mmene amanolera?"

Mayi aja anandiyang'ana moipidwa. "Munthu akudwala uyu, inu."

Koma a Namakhwa anali atatambasula kale mkono. Anauza ana awavule jekete. Anagoneka machekawo pamaondo, anaitanitsa tupa, n'kuyamba kukhutiza dzino limodzi limodzi, katatu katatu, kenaka kuyesa ndi chala. Dzanja lomwe linkanjenjemera pogwira kapu linakhazikika. Anayamba kundifotokozera kuti pocheka chipika chogonekedwa pa dzenje, wocheka wapamwamba amatsata mzere wa makala, pamene wam'dzenje amadya utuchi tsiku lonse, ndipo potero anamwetulira pang'ono. Ndinazimitsa fulashi, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, popeza dzuwa la masana linkawaomba cham'mbali bwino lomwe. Ndinagwada pafumbi ndi siketi yanga ya kutchalitchi, ndinagwira mpweya, ndinadina. Sankandiyang'ana n'komwe.

Masiku anayi odikira zithunzi aja ananditalikira. Ndinaulula kwa a Kamwendo Lolemba, ndipo anakalipa. "Chikatuluka chakuda, ukawauza chiyani anthu aja? Uti adwalenso kachiwiri?" Anandilanda kamera, ndinabwerera ku tsache.

A Namakhwa anamwalira Lachitatu. Zithunzi zinafika Lachinayi.

A Kamwendo anatsegula envulopu okha. Chachiwiri chija anachiyang'ana nthawi yaitali, anachipendeketsa cha ku windo. "Chapendekeka pang'ono," anatero. Kenaka anatseka situdiyo, tinapitira limodzi kumaliro.

Mwambo utatha ndinapereka zithunzi zonse ziwiri kwa mayi aja m'nyumba, pakati pa azimayi anzawo. Cha suti anachiona n'kuchivundikira pamphasa. Chinacho anachigwira ndi manja awiri. Mmenemo munali bambo wa malaya opinda mikono, ataweramira macheka, mitsempha ya m'manja ikuoneka.

"Awa ndi amene ndinakwatiwa nawo," anatero, misozi ikutsika. "Achemwali, mutsuke ziwiri. China chipite kwa mwana, china chikhale ndi ine."

Ndajambula anthu kwa zaka zambiri chichokere tsiku limenelo, ndipo malamulo a a Kamwendo ndimawasungabe. Ndinawamvera pa chithunzi choyamba chija, n'chifukwa chake ndinali ndi chogwira ngati zanga zikanalephereka. Kangapo mtima wandinamizapo, ndaonongapo ntchito za anthu n'kukapepesa. Komabe ndikayang'ana mu kamera n'kumva kuti munthu amene ali patsogolo panga sakuoneka mmene alilidi, sindidina. Ndimatsitsa kamera, n'kumufunsa ntchito imene manja ake amadziwa.