Tsiku Limene Apongozi Anagwetsa Impichimenti m'Chigafa

Chaka chimene aphungu ankafuna kuchotsa pulezidenti pampando, kwathu kuseri kwa Nsaru tonse tinasanduka maloya. Mawu akuti impichimenti tinawatola pawailesi ndipo sitinawasiyenso. Nkhuku ikalowa m'nkhokwe ya eni, impichimenti. Mwamuna akabwera ataledzera, impichimenti. Kumjigo wina akadumpha mzere umangomva, "Poyinti ofu oda!" amayi n'kuseka mpaka kutaya madzi. Kunali njala chaka chimenecho, koma pakamwa pokha panali pokhuta.

Nkhani yake inali yakuti pulezidentiyo anatuluka m'chipani chimene chinamuika pampando n'kuyambitsa chake, ndiye eni chipani ndi otsutsa ena anati timuonetsa. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pakhonde la golosale, ndipo poti sukulu ndinafika nayo Fomu 2, amuna akaunjikana masana kumvera za ku Nyumba ya Malamulo womasulira Chingerezi ndinali ine. Ndinaphunzirapo zambiri. Pochotsa munthu pamafunika manja awiri mwa atatu alionse, ndipo wochenjera kumeneko sataya nthawi ndi kulongolola, amawerenga mitu.

Tsono atate anali wapampando wa kalabu ya alimi a fodya kuyambira ine ndili wamng'ono. Mundimvetse bwino apa. Atate anali mkamwini, anachokera cha ku Kabudula ali mnyamata kudzakwatira amayi. Zaka makumi anayi pamudzi, koma munda ndi wa amayi, malo a nyumba ndi a amayi, ife ana tikapalamula woitanidwa ndi malume. Cha atate chenicheni chinali chimodzi basi: mpando wa kalabu, ndi chidindo chake chimene ankachikulunga m'kampango n'kuika m'thumba la jekete. Ngakhale kutchalitchi ankapita nacho.

Kwathu chipani ndi chimodzi, cha makolo, ndipo chinali mbali ya ofuna kuchotsa pulezidenti. Ndiye atate, osafunsidwa, ananena pamsonkhano wa kalabu kuti, "Munthuyu musiyeni agwire ntchito, mwina feteleza n'kutsika." Aaa, zinali ngati aponda njoka kumchira. Anyamata a m'kalabumo anati akuluwa agulidwa. Anakumbukiranso kuti khutu lawo lakumanzere linagontha, ndiponso kuti pemphero lawo lotsegulira msonkhano munthu ukhoza kuteleka nyemba n'kupsa asananene ameni. Izi zokha sindingakane, zinali zoona.

Ine ndinazidziwa ndikuchapa. M'thumba la thalauza la amuna anga ndinapezamo pepala, pamwamba palembedwa kuti kuchotsa wapampando, m'munsi maina khumi ndi asanu ndi atatu, ena osayina ena odinda chala. Dzina loyambirira, lolembedwa mosamala kwambiri, linali la amuna anga. Bambo wa ana anga atatu! Munthu wodya chimanga cha m'munda wa amayi! Ndinasiya zochapa zili ndi thovu.

Ndinawapeza akuthirira nazale. "Bambo, ichi n'chiyani?"

"Imeneyo ndi demokalase, mayi. Si zapabanja ayi."

"Demokalase? Muja munkafa ndi malungo, amene anakukwezani panjinga mpaka kuchipatala anali demokalase?"

"Akuluwa atopa, apume. Loweruka tivota, ndipo woyambitsa nkhani ndine." Ananena akukonza kolala ya malaya ong'ambika, ngati phungu weniweni. Mtima unandiwawa, koma ndinatsala pang'ono kuseka.

Ndinakhala pansi n'kuwerenga mitu monga amachitira akuluakulu aja. Kalabu inali ndi anthu makumi awiri ndi anayi. Potengera awiri mwa atatu alionse, pankafunika manja khumi ndi asanu ndi limodzi. Iwo anali nawo ochuluka ndi awiri. Ndikangochotsapo atatu, nkhani yafa. Koma ndiwachotsa bwanji, ine wogulitsa zitumbuwa?

Ndinapita kwa mlembi wa kalabu, mphunzitsi wopuma amene anyamata anamusankha kuti akhale sipikala tsikulo, n'kubwereka kope la malamulo. Lamulo linati manja owerengedwa ndi okwezedwa mkati mwa msonkhano. Patsamba lachitatu, mzere womaliza, inki itayamba kufufuma, panali lina: mwini munda uliwonse wa m'kalabu ali ndi ufulu wokhala nawo pamsonkhano, ngakhale savota. Ndinawerenganso kachiwiri. Kodi eni minda kwathu ndani? Si amayi athu? Ndinakumbukira maina a papepala paja limodzilimodzi. Asanu ndi awiri anali akamwini amene apongozi awo aakazi anali moyo, ali ndi mphamvu zawo. Ndinaseka ndekha njira yonse mpaka mbuzi zinasiya kudya.

Pajatu kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Akakumana panjira mkamwini amakhotera patchire ngakhale pali chitedze. Sakhala pamthunzi umodzi, sayang'anana kumaso. Kutchalitchi kokha ndiye amapirira, poti amuna uko akazi uko.

Amayi poyamba anakana. "Ine kumsonkhano wa amuna? Mwana iwe wapenga eti?"

"Amayi, akawachotsa atate, atsala ndi chiyani pamudzi pano?"

Atamva zimenezo anati, "Kaitane amayi ako aang'ono." Amayi aang'onowo ndiye anali achipani cha makolo enieni, nsalu yachipani mpaka kumutu. Ndinkaopa kuti akana. Atamva anamenya m'manja. "Alamu anga achotsedwe ndi ana adzana? Pulezidentiyo amuchotse, ndivina, koma alamu anga ayi!" Pofika Lachisanu tinali nawo apongozi onse asanu ndi awiri, ndipo palibe mwamuna anamva kanthu.

Loweruka dzuwa linawala ngati lakwiya. Msonkhano unali m'chigafa cha atate, chopanda kanthu poti fodya anali akadali kunazale. Anyamata anabwera ndi majekete kutentha konseko, wina mpaka tayi. Atate anakhala pampando wawo wandalema, khutu labwino ataliloza kwa anthu. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe. Asipikala anagogoda patebulo ndi chitsononkho, amuna anga n'kuimirira, pepala m'manja.

"Olemekezeka asipikala, ndaimirira pano ndi mtima wosweka..."

Ndinakweza dzanja, chizindikiro chimene tinapangana ndi amayi.

"Odi! Odi kuno!" Apongozi aja anatulukira mondondozana, amayi patsogolo, malichero a mtedza wambewu pamutu, mphasa m'khwapa. Analowa m'chigafamo, anayala mphasa pakati penipeni moyang'anana ndi mabenchi, anatambasula miyendo n'kuyamba kuswa mtedza.

Mayo ine, mimba inandipweteka ndi kuseka! Amuna anga ataona apongozi awo anasokonezeka. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, anayang'ana pepala ngati lisintha. Amayi, maso ali palichero, anangoti, "Pitirizani, ife tikungoswa mtedza." Phungu wanga anabwerera chafutambuyo, anawerama pansi pa mikangala yoyanikapo fodya n'kutulukira kumbuyo, liwiro. Wachiwiri anadumpha benchi n'kusiya nsapato imodzi. Watayi uja anayesa kulimba mtima, anaphimba nkhope ndi chipewa n'kukhalabe. Amayi aang'ono, amene anali apongozi ake, anatsokomola kamodzi kokha. Tinangoona tayi ikuuluka. Posakhalitsa onse asanu ndi awiri anali atasowa.

Mmodzi mwa otsala anaimirira thovu lili kukamwa. "Poyinti ofu oda! Amayiwa atuluke, uno si msonkhano wa mtedza!"

Apo ndiye ndinatulukira, ndikukonza chitenje. "Asipikala, tsamba lachitatu, mzere womaliza."

Asipikala anapukuta magalasi, anawerenga mokweza, mapewa akugwedezeka. "Lamulo ndi lamulo," anatero. "Eni minda akhale. Ofuna kuti wapampando achoke, manja m'mwamba."

Akamwini aja anali ataunjikana pachulu, patali ndithu, poti apongozi asawaone kumaso. Anakweza manja onse awiriawiri. "Tiwerengeni kuno! Tili kuno!"

"Ku Nyumba ya Malamulo sawerenga phungu ali pachulu," anayankha asipikala.

Manja anakwana khumi ndi limodzi. Chitsononkho chinagunda patebulo, impichimenti yagwa! Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Amayi aang'ono anavina chimtali pamphasa pomwepo, nsalu yachipani ili m'chiuno, mtedza ukumwazika. Ine ndinadumpha ngati mwana, ndinakumbatira asipikala mpaka magalasi anagwa. Ndinadzimva kuti akanandipatsa dziko lonse tsiku limenelo ndikanaliyendetsa.

Anthu atabalalika ndinatsala ndikusesa makoko a mtedza, ndikuimbabe. Atate anali asanadzuke pampando wawo.

"Mwana wanga, tabwera."

Ndinagwada pafupi, mbali ya khutu labwino, ndikudikira kuyamikidwa.

"Malamulo wawerenga bwino," anatero akumwetulira. "Mzere umenewo ndinaulemba ndine. Koma ine agogo ako ndinawathawa zaka makumi awiri, liwiro la mkamwini ndimalidziwa. Ana aja sanatuluke chifukwa chondikonda. Akanakhala onse, manja akanakhala angati?"

Ndinafuna kunama, koma atate sindinawanamizepo. "Khumi ndi asanu ndi atatu."

"Mwa makumi awiri ndi anayi." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinangoona amuna ako aimirira mbali ya khutu logonthali, sindinamve. Amati chiyani?"

"Amati aimirira ndi mtima wosweka."

Anaseka, koma maso anali atafiira. "Akanangobwera kudzandiuza pakhonde. Ndikanamva, khutu labwinoli likugwira ntchito."

Anapisa dzanja m'thumba la jekete, anatulutsa kampango kaja n'kundiika m'manja. Kanali kofunda.

"Atate, mwapambanatu! Lamulo lili mbali yanu!"

"Wapambana ndiwe ndi amayi ako. Ine mpando wochita kulonderedwa ndi apongozi a anthu sindingaukhale. Ukawapatse amuna ako, apereke kwa amene kalabu isankhe. Uwauze kuti inki yake imauma msanga, azidonthezamo timadzi."

Anapinda mpando wawo n'kuukwapatira, ulendo kunyumba, kunyumba ya amayi. Ndinalira pamakoko a mtedza pomwepo, ndipo sindinadziwe woti ndimukwiyire. Amuna anga nditawapatsa chidindo anachiyang'ana ngati khala lamoto, masiku awiri osadya bwino. Pulezidenti uja sanachotsedwe, anali ndi maloya ndi makhoti.

Lamulungu, tsiku lotsatira msonkhano uja, kutchalitchi ndinawasuzumira atate kumbali ya amuna. Tikuimba nyimbo yoyamba, dzanja lawo linapita lokha kuthumba la jekete monga mwa masiku onse, linapapasa, n'kubwerera pabuku la nyimbo.