Mabulosi a M'mbale ya a Oma

A Hobart Sizemore anagwira ntchito yomanga moyo wawo wonse. Machumuni ambiri a m'chigwa chathu chino, kuno kumapiri a Kentucky, ndi manja awo, ndipo mpaka lero akamadutsa pa galimoto yawo yokalamba ija amachepetsa liwiro kuti aone ngati pali chapendekeka. Palibe. Koma mukadawafunsa chimene amanyadira, sakadatchula za njerwa. Akadakuuzani za mabulosi.

Mwezi wa Julaye ukafika, mabulosi akutchire atada bii paminga yake, a Hobart ankasanduka munthu wina. Ankavala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa likuswa mtengo, kumanga tinsanza tonyika m'palafini mu akakolo kuti nthata zisakwere, n'kulowera kuphiri kumene anthu a malasha anakumba kalekale n'kusiya. Ankayamba amenya tchire ndi ndodo pochenjeza njoka. Kenako chitini m'chiuno, manja onse awiri pantchito. Pobwera ankakhala atakalikakalika ngati alimbana ndi mphaka, milomo ili yakuda, umboni woti si onse amene analowa m'chitini.

Zotsalazo zinali za akazi awo, a Verlie. Iwo ndiwo ankaphika kobala, chigumu chija cha mabulosi chimene chimatuluka mu uvuni chikubwata m'mbali, pamwamba patapsa bwino, pansi pali msuzi wa zipatso wokhawokha. Pa chakudya cha kutchalitchi anthu ankayamba kufola pa mbale ya a Verlie nyama asanaiyang'ane n'komwe. A Hobart ankaima chapafupi akudzikanda, n'kumalandira mayamiko ngati aphika ndiwo. Chonsecho zaka zonse za ukwati wawo m'khitchini ankangosuzumiramo kufunsa ngati zapsa.

Amene sankawalekerera pa bodza limeneli anali alamu awo, a Oma Caudill, mkulu wawo wa a Verlie. Awiriwa anayamba kunyogodolana tsiku la ukwati lomwe ndipo sanasiye. A Oma ankati mng'ono wawo anakwatiwa ndi mimba yovala chipewa, a Hobart ankati lilime la alamu awo likhoza kucheka matabwa. Onse ankadziwa kuti pa tebulo popanda mnzawoyo chakudya sichikoma.

A Verlie anamwalira m'nyengo yachisanu, ndipo maliro awo anasiya bala. A Oma ankafuna kuti mng'ono wawo akagone kumanda a makolo, pamwamba pa phiri. A Hobart anakana. Msewu wa kumeneko galimoto sikwera mvula ikagwa, nanga iwo ndi mawondo othaithawa akadawayendera bwanji akazi awo? Anakawaika kumanda a m'tauni. Panalankhulidwa mawu amene sayenera kulankhulidwa pamaliro, ndipo a Oma kumandako sanapondeko phazi.

Komabe m'mawa mwake a Hobart anapeza mbale yagalasi pakhonde, yodzaza ndi nkhuku yophika, ikadali yotentha. Munthu sanagogode. Mbaleyo ankaidziwa bwino, inali ya a Oma, yobenthuka khutu limodzi.

Tsono kwathu kuno mbale siibwezedwa yopanda kanthu. Wina akakupatsa chakudya, mbale yake imabwerera muli kenakake, kaya mazira, kaya tomato wa m'dimba. Ukaibweza yotsukatsuka, mulibe kanthu, ndiye kuti wanena kuti chibale chathera pomwepa. Ukaisunga osabweza wanenanso zomwezo, koma mwamantha. Mbale za anthu ena amene anabweretsa chakudya pamaliro a Hobart anabweza msanga, iliyonse ndi kabotolo ka uchi. Ya a Oma inakhala pamwamba pa filiji chisanu chonse, mitengo n'kuphuka, iyo ili pomwepo. Uchi unali wochepa pa mlandu umenewu. Ankadya mabisiketi awo ndi nyemba za m'chitini ataifulatira mbaleyo. Mumtima ankadziwa kuti padziko lonse patsala munthu mmodzi yekha amene angakhale naye pansi n'kumakumbutsana za Verlie ali mtsikana. Kumutaya ameneyo kunali kuika maliro kachiwiri.

Mabulosi atada, anaganiza zoti aphike kobala m'mbale ya a Oma ija kuti akaibweze. Kuthyola sikunavute, ngakhale ulendo uno ankapuma pafupipafupi. Pofika pakhomo anaitana akazi awo monga mwa masiku onse, "Mayi, tabwerani mudzaone!" Kenako anakumbuka. Anaima pakhondepo kanthawi ndithu, chitini chili m'manja.

Kaphikidwe ankakadziwa ndi makutu okha. Anali atamva kambirimbiri a Verlie akuuza azimayi anzawo: batala asungunuke m'mbale, ndiye kapu ya fulawa, kapu ya shuga, kapu ya mkaka, usakanize zitatuzi, uthire pa batala paja, mabulosi pamwamba pa zonse. Anachita zonsezo bwinobwino. Atatha anayang'ana m'mbalemo. Batala ali payekha m'mbali, phala la fulawa lili palokha, mabulosi angoti mbwee pamwamba. Kwa munthu amene wakhala akusakaniza simenti ndi mchenga kuyambira ali wachichepere, imeneyo inali ntchito yosiyira panjira. Anatenga chisupuni n'kutakasa, kutakasa ndithu, mpaka zonse zitafanana.

Apa ndi pamene anaonongera. Kobala satakasa. Umangothira n'kusiya, moto ndiwo umakweza fulawa kuti aphimbe zipatso. Mkazi aliyense m'chigwa chino amakula akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake a Verlie sankazitchula n'komwe.

Chimene chinatuluka mu uvuni chinali chofiirira, cholemera, chosalala ngati pansi pa nyumba yozira simenti. Mabulosi onse anali atathera momwemo. A Hobart anachigogoda ndi chala, anatukwana chapansipansi, n'kukhala pampando. Kubwereranso kuphiri mawondo sakadalola, komanso ankadzidziwa okha: akangogona nazo, mbaleyo ibwerera pa filiji mpaka chaka chamawa. Anaiphimba ndi kansalu n'kukaiika m'galimoto.

Anapeza a Oma ali pakhonde akukonza zitheba. Sanadzuke.

"Ndimayesa mbale yanga munagulitsa," anatero osatukula mutu.

"Angagule ndani mbale yobenthuka, alamu?"

"Ndiye mwabwera nayo. Ikani pamenepo."

A Hobart anaiika pa benchi. A Oma anayang'ana kansaluko nthawi yaitali osakakhudza. Pamenepo m'pamene a Hobart anazindikira kuti nawonso alamu awo akhala akuopa miyezi yonseyi kuti mbale idzabwera yopanda kanthu. Kenako a Oma anavundukula.

"Ambuye wanga! Ichi n'chiyani?"

"Kobala."

"Kobala wake uti? Alamu, mwandibweretsera njerwa? Ndinakuuzani kuti ndikumanga ine?"

"Ndatsatira zonse mmene ankanenera mng'ono wanu."

"Mwatakasa."

"Pang'ono pokha."

"Pang'ono pokha! Mwachita kuponda ngati dothi. Zaka zonse zija mumangomeza osayang'anako n'komwe mmene amachitira? Amuna inu, koma ayi ndithu!"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi masupuni awiri. Supuni inalowa movutikira. A Oma anatafuna, kutafunabe, maso ali kuphiri.

"Mabulosiwa ndi a kumgodi wakale?"

"Komwe kuja."

"Ndawamva. Verlie ankati ena onse ndi owawasa." Anameza. "Choipa ichi, alamu. Chibadwire sindinadyepo choipa chotere." Anatapanso china.

Anadya awiriwo mpaka mbale inafika pakati, misozi ikutsika m'masaya mwa a Oma iwo osaipukuta. Chotsalacho a Oma anachikhuthulira m'mbale ina, nalowa kukatsuka yawo ija. A Hobart anaimirira, chipewa m'manja. Basi zatha, anaganiza, mbale yafika kwao, ndipo iwo alibenso chowabweretsa pakhomo pano. Mtima unawapweteka kuposa mmene ankayembekezera.

A Oma anatuluka ndi mbale yomweyo, atadzazamo zitheba ndi nyama ya nkhumba za mumphika umene unali pamoto, n'kuwaikira m'manja.

"Mudzaibweze Lamlungu. Mubwere msanga, ndipo zinyalala zanu zija muchotsemo m'galimoto, ndipeze pokhala. Mukandionetse pamene munamugoneka mng'ono wanga."