Makope Asanu ndi Awiri a Anabaluni

Ine ndayenda, abale anga. Ndege ndakwera mpaka kutopa nazo, maprofesa ndadya nawo patebulo limodzi. Koma amene anandigometsa ndi mayi wina wolephera mayeso a sayansi kawiri konse.

Tsiku lina mayiyu anali chilili mu ofesi, kalata yomuchotsa ntchito ili patebulo, ikungodikira kusainidwa. Ntchito yake pa siteshoni ya zanyengo ya m'dziko lina lozizira inali kupopa baluni, kumangirirapo kachipangizo koyeza mpweya wa ozoni, n'kuiulutsa kupitirira mitambo ndi ndege zomwe. Anzake ankangomuti Anabaluni.

Masabata atatu otsatizana manambala a ozoni anali atakwera. Bwana watsopano, amene anali asanaulutsepo baluni chibadwire, anati mayiyo akuwononga zipangizo.

"Ozoni amapangika kwambiri kumene dzuwa limaswa mtengo," anatero bwanayo. "Kuno kozizira, chisanu chikungotha kumene, angachuluke bwanji? Ndi manja anuwa, mayi."

"Bwana, manja angawa amangotaya chingwe. Kumwambako sindifikako ine."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa makope asanu ndi awiri. Chaka chilichonse chinali ndi kope lake. Manambala a baluni iliyonse ankawakopera osatumidwa ndi munthu, poyamba osamvetsa n'komwe tanthauzo lake.

"Taonani. Chaka ndi chaka, miyezi yomwe ino, amakwera. Mpweya umanyamuka kumayiko otentha, umakwera, n'kumayenda pang'onopang'ono kumwambako miyezi yambirimbiri, kenako umatsikira kuno kozizira utasenza ozoni. Sikuti yense amapangikira kuno. Amachita kubwera."

Bwana anatsegula kope loyamba, lachinayi, lomaliza.

"Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Pabenchi panjapo, nthawi ya nkhomaliro. Mabuku ake ali m'kabati yanuyi. Ndimati ndikawapukuta fumbi, ndimawatsegulako."

Bwanayo anaipinda kalata ija n'kuiponya m'bini. Lero anyamata ndi atsikana a madigiri awo akafika pa siteshoniyo, amayamba akhala sabata yathunthu ndi Anabaluni asanakhudze chilichonse.

Ine ndinadzitukula ndekha, zimenezo sindibisa, koma kuleza mtima kotere ndilibe. Zaka zisanu ndi ziwiri kulemba zinthu zimene palibe anakufunsa!

Inu amene ntchito yanu anthu amaiyesa yachabechabe, idziweni mpaka pansi pake, kuposa amene amakulamulani. Tsiku lina idzakuyankhulirani. Musafooke ayi.