Teni Ngwee ya Mbalame Yopanda Mutu

Ndinanyamuka ku Lusaka Loweruka m'mawa, titamva kuti asodzi a ku Chanyanya avuula mtembo wovala kobidi m'khosi mumtsinje wa Kafue. Mng'ono wanga Yobu, amene ankamanga nawo fakitale ya feteleza, anali atasowa kuyambira tsiku limene anabwereka bwato kukawedza. Amayi anandiperekeza mpaka pachipata. "Ukangoona chabe, si iyeyo," anatero.

Ine ndinali kondakitala wa basi, koma tsiku limenelo ndinalipira ngwee makumi atatu ngati wina aliyense, ndipo zinandiwawa ndithu. Chenji ndinachitembenuza uku ndi uku monga mwa chizolowezi. Kwacha inali itangolowa m'malo mwa paundi, ndipo ine ndinali ndi matenda osunga makobidi olakwika. Anzanga ankandibweretsera ophwanyika, ine n'kumawaseka. Kobidi lopondedwa ndi sitima kapena lomenyedwa ndi hamala limatambasuka, limakhala ndi zipsera, m'mphepete mwake mumakanda chala. Lolakwika kufakitale ya ndalama ndi losalala, chidindo chokha ndicho chimaphonya malo.

Labwino koposa ndinapatsa Yobu pamene ankapita ku Kafue. Inali teni ngwee imene chidindo chinagwera pambali, mbalame yake n'kutsala yopanda mutu, mbali inayo malo opanda kanthu ngati mwezi wongooneka kumene. Iye anaiboola ndi msomali n'kuivala m'khosi. Ndinamukalipira kwambiri kuti waononga chinthu chosowa.

Tinafika ku Kafue dzuwa lili pamutu. Fumbi la malole a simenti linali ponseponse, nyumba zatsopano zili ndandanda, zambiri zopanda madenga. Pafupi ndi siteshoni ndinagula zitumbuwa ziwiri. Khanda la mayi wogulitsayo linali ndi kobidi lophwatalala m'khosi.

"Mwaitenga kuti iyi, amayi?" ndinafunsa.

"Timafaka pa njanji, sitima yapondapo, basi. Ni bambili bavala kuno."

Mtima unakhalako pansi. Ndiye kuti womira uja akhoza kukhala wina aliyense. Ndinakondwera, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikukondwerera maliro a eni ake.

Ulendo wa ku Chanyanya ndinakwera lole ya wogula nsomba, pamwamba pa madengu onunkha. Msewu unali wa maenje okhaokha, moti pofika madzulo ndithu msana sunalinso wanga. Pagombe anandilozera Ba Mweemba, msodzi amene ukonde wake unakola mtembowo. Anandipatsa mpando asanayankhule.

"Tinamushika mailo, ba bululu. Sitikanasunga. Nkhope panalibe." Analoza mulu wa dothi latsopano kuseri kwa mabango, pamene anakwirira mtembowo dzulo lake. "Chinasala ni ichi chabe."

Anamasula kansalu. Munali chingwe chakuda ndi kobidi lodera ndi matope. Ndinalipukuta pamalaya. Mbalame inalibe mutu.

Ndinayamba kudzitsutsa ndekha. Gudumu la sitima likhoza kufafaniza mutu wa mbalame. Mchenga wa mumtsinje ukhoza kukhula chitsulo. Ndinafunafuna chipsera chimodzi chokha, kamng'alu, kupindika kulikonse. Ndinatsinzina n'kuyendetsa chala pamalo opanda kanthu paja. Panali posalala ngati tsiku limene kobidilo linatuluka m'fakitale. Pokanda chala panali pamodzi pokha, pabowo la msomali.

"Ni wanu?" anafunsa Ba Mweemba.

Ndinafumbata kobidilo m'dzanja. Anavula chipewa, n'kunditsogolera kumanda.

M'mawa mwake ndinakwera basi yobwerera, ndipo chenji sindinachiyang'ane n'komwe. Luso limene ndinkanyadira pamaso pa anzanga ndinadana nalo njira yonse, chifukwa munthu wosadziwa akanabwerera kwawo akuyembekezerabe.

Amayi ndinawapeza pachipata pomwe paja. Ndinangowaika kobidilo m'manja. Za chidindo sankazidziwa, ndipo mbalameyo sanaiyang'ane. Anagwira pabowo, pamene ine ndinkati mwana wawo waononga, n'kukhala pansi padothi.