Bishopu wa Chitsekerero

Lero ndaponda chitsekerero cha botolo, ndipo ndakumbukira amalume a ku Tembisa, akatswiri a pakamwa pokha. Ndili mwana, bishopu wakuda wa tchesi yathu adasowa, ndiye tinkaikapo chitsekerero.

“Ndikakugonjetsa, tchesi yathera pompano, uzikagulitsa ku kagolosale ka spaza,” adatero amalumewo tsiku lina.

Adatenga zoyera n'kudzaza maponi pakati pa bolodi. Ine wa zakuda ndidawasiyira pakatipo, n'kubisa chitsekerero changa pakona, pafupi ndi mfumu.

“Mantha ngati abambo ako,” adaseka.

Ndidakankha poni imodzi. Adaidya mwadyera ngati akusewera drafuti, njira n'kutseguka. Chitsekerero chidadutsa bolodi lonse n'kukadya mfumukazi yawo.

“Chinyalalachi chimayendanso?”

“Ndi bishopu ameneyo, amalume. Sewerani.”